Khomo la Mawa la a Evaristo

Ku Nangongwe tonse tinkawadziwa a Evaristo, mmisiri womanga amene ankadana ndi pulani ya papepala ngati inawatukwanira amayi awo. Pulani yawo inkayenda m'thumba la ovolosi: timabokosi ta machesi topanda kanthu, ndi malamulo anayi. Chipinda chilichonse mapazi khumi mbali zonse. Chatsopano chigwirane khoma ndi chakale. Zikakwana zitatu pamzere, khota. Ndipo pakhoma lomaliza pazikhala khomo lotseka ndi njerwa zosamata, limene iwo ankati khomo la mawa.

Mafakitale atangotsegulidwa, munthu ankatsika sitima ndi mphasa yokha. Kenako kumabwera mkazi, ana, mpaka alamu. Nyumba zomanga a Evaristo zinkangokula nawo limodzi: kungochotsa njerwa za khomo la mawa n'kumanga chipinda china.

Ndiye kunabwera a Lighton, bambo wa tayi wochokera ku ofesi ina, n'kupaka mtanda wofiira panyumba imene a Evaristo anamangira mayi Dainess, amasiye a ana asanu. Akuti ilibe pulani, igwetsedwa Lachisanu. A Evaristo anangokhala pafumbi n'kundandalika timabokosi titatu.

"Pulani ni iyi, bwana."

"Aya ni machesi, ba mudala."

"Tengani aka. Mangani rumu ya namba folo."

A Lighton anamvetsera malamulo aja akuseka, n'kuika kabokosi pokhota. A Evaristo anawagwira dzanja mpaka kuseri kwa nyumba. Pamalo enieniwo panali khomo la mawa, likudikira.

"Mwaipeza mweka," anatero. "Manje pepala yanu izakuuzani chani?"

Bamboyo anaumirira kuti ofesi sisunga machesi mu fayilo. A Evaristo anamata timabokosi pakatoni, n'kukakhala nato pakhomo pa ofesiyo masiku atatu, akufotokozera malamulo aliyense wodutsa, ngakhale wosesa. Lachinayi wina wa mu ofesimo atatopa nawo anadinda chidindo pakatonipo. Mayi Dainess anafufuta mtanda uja ndi laimu akuimba.

A Evaristo tinawaika m'manda chaka chatha. Masiku ano omanga amabwera ndi mapepala, ndipo mwana akabadwa anthu amaswa khoma ndi nyundo. Tsiku la maliro awo, pochokera kumanda tinadutsa kwa a Evaristo, ndipo ndinachita manyazi kuti zaka zonsezi sindinazindikire. Munthu amene anakulitsa nyumba za theka la komboni ankagona m'chipinda chimodzi. Khomo lake la mawa lilipobe, njerwa zosamata. Sipanabwere mkazi kapena mwana kuti alitsegule.