A Chigongono Sankadziwa Nkhope

A Chigongono, malemu aja ankatikita anthu misana kuseri kwa shopu ya telala, sankadziwa munthu ndi nkhope. Ukawapatsa moni maso ndi maso, ankangokuyang'ana ngati mlendo wosochera. Koma ungotembenuka, basi: "Aa, ndinu a dalaivala! Chiuno chija chikuti bwanji?"

Dzinalo linachokera ku chigongono chawo chakumanja, chosongoka ngati msomali. Wodwala akagona chafufumimba pabenchi, ankamuthira mafuta a nsatsi m'chiuno, n'kuzikapo chigongonocho.

"Mayo! Mundipha!" anakuwa tsiku lina wogulitsa nyama, chimunthu chamimba.

"Khalani chete, sindikulankhula ndi inu. Ndikulankhula ndi msanawu."

"Ndiye ukuti chiyani?"

"Ukuti watopa kunyamula anthu awiri."

Ngakhale abusa, amene ankanyoza mafutawo pa guwa, anabwera mozemba atavala chipewa mpaka m'maso. Anazindikiridwa asanavule n'komwe jekete.

"Msana uwu sunaweramepo chaka chino, abusa. Kodi mumapemphera chogona?"

Anthu ankatama manja a bamboyo, koma panalibe wofunsa kumene mafuta ankachokera. Ankayenga ndi akazi awo. Kukazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, kuyengula, zonsezo chowerama, mpaka msana wawo unapindika ngati chogwirira ambulera.

"Bambo, m'chiunomu mukundibaya," ankadandaula mayiwo.

"Mawa, mayi. Mafutawa ndi a odwala."

"Nanga ine ndine chiyani?"

"Inu si mukuyenda?"

Mawa limenelo linakalamba osafika. Mayiwo ankamva amuna awo akunyengerera misana ya eni kuseri kwa katani, ndipo zinkawapweteka mumtima kuposa m'chiuno. Sankafuna zambiri ayi. Ankangofuna kuti manja otchukawo awakhudzeko nawonso.

Kenaka a Chigongono anadwala, mutu n'kusokonekera. Mayiwo atalowa mu wodi ndi zovala zochapa, bamboyo anawayang'ana kumaso.

"Mukufuna ndani?"

Zimenezo sizinali zachilendo. Mayiwo anangotembenuka n'kuwerama kuti atenge beseni pansi pa bedi. Pomwepo anamva dzanja lowonda likutera pamsana pawo, likutsika fupa ndi fupa, mpaka chala chinaima penipeni pamene pankabaya.

"Mayi inu, msana uwu unaonongeka kalekale. Muli pabanja?"

"Ndili pabanja."

"Mwamuna wanuyo ndi chitsiru. Mukamuuze kuti ndatero ine."

"Ndikamuuza."

"Mubwere mawa ndi mafuta, tidzaukonze."

M'mawa mwake anabweradi ndi botolo, atavala bulauzi yatsopano. Anapeza bedi atayalula.

Masiku ano kuseri kwa shopu kuli zii. Pabenchi paja telala amaunjikapo nsalu. Dalaivala amatsika m'galimoto atagwira chiuno, abusa amalalikira atatsamira guwa, ndipo aliyense akakumana ndi mayiwo amapukusa mutu: "Tinataya munthu, mayi. Manja ngati aja sadzapezekanso." Iwo amangoti, "Mukudziwa ndinu," n'kupitirira.

Nsatsi analeka kuyenga. Botolo lija lili pawindo. Nthawi zina amathira pang'ono m'dzanja, n'kupinda mkono kumbuyo kufunafuna pamene panaima chala chija. Dzanja lawo silifikapo.