Galimoto Yomwe Inakoka Tikatundu ta Bolton Yonse

Amene akukayika akweze dzanja tisanayambe, kuti ndidziwe oti ndiziwayang'ana. Inu a Chirwa ndakuonani, mwayamba kale kuseka nyama ili m'kamwa. Sekani. Galimotoyo ili panjapo, yobiriwira yatseka geti ija, ndipo aliyense ali ndi ufulu wopita kukaigwira. Ine sindikweza mawu. Ndingonena zimene zinachitika, ndipo chimene maso angawa sanachione sindichitchula.

Nthawi imeneyo mwana wanga Tadala anali ndi zaka zisanu. Ine ndinkagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Bolton konkuno, madzulo n'kumapita kusukulu ya akuluakulu kukaphunzira masamu ndi Chingerezi. Amake anali pa mashifiti awo kuchipatala. Sukulu zitatsegulidwa, aphunzitsi anafunsa ana kuti aliyense anene kumene anapita pa holide. Ena anati kunyanja, ena kunja kwa dziko. Tadala anati iye anapita pasiteji ya basi ya kuchipatala kukachingamira amake. Anandiuza yekha ndikumuvula nsapato, osadandaula, ngati akunena kuti kunja kukugwa mvula. Ndinamaliza kumasula zingwe, n'kumuuza kuti holide ikubwerayi timapazi timeneti tiponda m'nyanja yamchere. Anandifunsa m'Chingerezi ngati ndalonjeza. Ndinati ndalonjeza.

Kalavani yopitira kunyanjako sindinagule. Inali ya gogo wina wachizungu amene ndinkamusambitsa kuntchito, ndipo atamwalira ana ake anati ndiitenge chifukwa inkangodya malo. Kwa amene simukuidziwa, ndi kanyumba ka matayala kokokedwa ndi galimoto, muli mabedi, sitovu ndi chimbudzi. Koma iyi kuitcha kanyumba n'kuinyoza. Matayala anayi, zitsulo zamakedzana, ndipo pamene inaima zaka zonsezo nthaka inali italowa pansi moti mvula ikagwa abakha ankabwera kudzasambirapo. Kagalimoto kanga kakale nditakayandikitsa, kanazima kokha ndisanakoleke n'komwe.

Ndiye ndinapita pabwalo lina logulitsirapo magalimoto akale, kunja kwa tauni. Mwini wake, mzungu wonenepa wa oyilo m'zikhadabo, anandifunsa kulemera kwa kalavani kuti andisankhire yoyenera. Ndinamuuza nambala yolembedwa pakachitsulo ka pambali pa chitseko, kenako ndinati aichulukitse katatu. Anafunsa ngati ndikukanyamula njerwa. Ndinayesa kumufotokozera kuti ndine Mmalawi, ndipo Mmalawi akamveka kuti ali pa ulendo sayenda yekha: aliyense amene ali ndi m'bale m'njiramo amabwera ndi kakatundu kakang'ono, ndipo kukana kulibe. Sanamve. Masamu amenewa m'mabuku awo mulibe. Ngakhale aphunzitsi anga a madzulo nditawapatsa, anapempha kuti akaganizire kunyumba.

Anandionetsa zitatu, zonse zazikulu, zokoka ndi matayala onse anayi. Yoyamba inali yonyezimira, mipando yachikopa, wailesi yolankhula yokha, koma nditagwada n'kugogoda kunsi ndi chala, dzimbiri linathothoka ngati dothi la chiswe, ndipo nditadzuka theka la galimoto linali mulu pansi, theka linalo likunyezimirabe. Yachiwiri kunsi kunali bwino, koma chitsulo chokolekapo ngolo chinali chitaperepeseka ngati dzino la nkhalamba, kutanthauza kuti moyo wake wonse yakhala ikukoka ngolo zonyamula mahatchi. Mwini bwalo uja anakana, anati inali ya mayi wina wongopitira kutchalitchi. Ndinailiza. Utsi wabuluu unatuluka, kilatchi ikununkha ngati nyemba zopserera, ndipo mahatchi asanu a m'munda wapafupi atamva mawu ake anadumpha mpanda n'kudzaima pamzere kumbuyo kwake, kudikira kukwera.

Yachitatu inali pakona, ndere m'magalasi, mpando wong'ambika, palibe amene ankaiyang'ana. Yadizilo. Kunsi kouma. Buku lake la sevisi lodzaza zidindo mpaka pachikuto. Pambali pa giya panali kagiya kena kakafupi, kaja ka pamatope ndi pachitunda. Ndinapempha unyolo, kuumanga kuchipilala cha konkire cha pageti, kulowetsa kagiya kaja, n'kungodzutsa phazi pang'ono chonchi, ndipo chipilala sichinathyoke koma chinabwera, pamodzi ndi mpanda, pamodzi ndi kaofesi mwini wake ali m'kati pafoni, pamodzi ndi magalimoto onse, chimbudzi, galu ndi mbale yake, bwalo lonse kusendera mwakachetechete mpaka linakaima tsidya lina la msewu, moti mpaka lero wapositi amaponya makalata awo pamalo opanda kanthu. Mukumva? Tiyi amene anali padesiki sanatayike ngakhale dontho. Ndinagula. Mayeso oyendetsa chokoka ngolo ndinakayesanso, poti laisensi wamba sikuloleza kulemera kotero, ndipo woyesayo anasaina pepala tisanatuluke pageti.

Tinali ndi masiku anayi opitira kunyanja ya ku Yorkshire, Lachinayi mpaka Lamulungu, Lolemba m'mawa shifiti. Ine sindinauze munthu. Amake Tadala anangotchula kukwaya kuti sabata imeneyo sapezeka, akupita cha ku Yorkshire. Lachinayi m'mawa nditatsegula chitseko ndinapeza mzere wafika pakona: firiji yogona yodzaza nyama ya mbuzi yopita ku Wakefield, matumba a ufa asanu ndi limodzi, makina osokera, masipika a mpingo wa ku Rotherham, matiresi atatu, njinga, injini ya minibasi yokulungidwa m'chitenje, ndi apongozi a a Chirwa omwewa, amene anaperekedwa ngati kakatundu, atakhala kale pampando wakutsogolo ndi fulasiki yawo. Aliyense mawu ake amodzimodzi: "N'kakang'ono, achimwene, sikakuvutani."

Msewu waukulu wopita ku Yorkshire mukuudziwa mmene umakwerera phiri. Galimoto sinatsokomole. Limene linavutika ndi phiri, chifukwa tikukwera choncho phula linayamba kukwinyika kumbuyo kwathu ngati mphasa, malole atatu amene anali atalephera chitunda anakodwa m'mphepo yathu n'kukwera nafe injini zili zozima, mtambo wa mvula unakola pamlongoti wa kalavani n'kukokedwa mpaka ku Wakefield kumene anthu anali atayanika zovala, nkhosa za m'phirimo zinatsetsereka zonse mbali imodzi, ndipo nditayang'ana pagalasi ndinaona wotchi ya paholo ya tauni ya Bolton ikutitsatira, kumbuyo kwake chipatala, kumbuyo kwake msika, chifukwa mayi wa nyumba yoyandikana nafe anali atamangirira chingwe chake choyanikira zovala kumwendo wa kalavani. Mukumva? Ndinaima pambali, kutuluka, kudula chingwe ndi mpeni wa buledi. Tauni inabwerera mwakale. Nyumba imodzi yokha ndi imene inatsalira pamwamba pa phiri, pakati penipeni pa msewu, magalimoto n'kumailambalala uku ndi uku. Ilipo. Inu nonse mwaidutsapo.

Vuto silinali kukoka. Vuto n'lakuti kwa Mmalawi sutsitsa katundu n'kutembenuka. Ku Wakefield anati tidye kaye, titadya anati tipemphere, titapemphera anati firiji sikulowa pakhomo, tidikire m'bale wina wodziwa kuchotsa zitseko amene ali pashifiti kuweyahausi. Lachinayi linathera pamenepo. Lachisanu linathera kufunafuna mwini injini, amene anali atasamuka osauza munthu. Ndipo paliponse pamene tinatsitsa chinthu chimodzi anatikweza ziwiri za ku Rotherham, poti munthu sangachoke pakhomo chimanjamanja. Loweruka tinazungulira Rotherham yonse, khomo ndi khomo, mpunga ndi nkhuku kasanu.

Masiku onsewo Tadala anakhala pampando wakumbuyo, kandowa ndi kafosholo kapulasitiki pamiyendo. Sanafunse kuti tifika liti. Loweruka ndikumusintha juzi ndinapeza kuti zovala zosambira anali atavalira m'kati kuyambira Lachinayi.

Lamulungu masana, mapemphero atatha pampingo wa ku Rotherham, kalavani inali mbee kwa nthawi yoyamba. Kunyanja kunali maola awiri basi. Ndinali nditaliza kale injini pamene Mayi Gondwe anatulukira. Achinyamata amene mwabwera posachedwa simukuwadziwa. Amenewa ndi amene anasunga amake Tadala miyezi isanu atangofika m'dziko muno, kuwagoneka pabedi lawo iwo n'kumagona pasofa, kuwaphunzitsa kukwera basi, kuwagulira jekete yoyamba. Kumbuyo kwawo amuna anayi atanyamula wodulopu, ena bedi, ena mapoto akuluakulu a paukwati. Mwana wawo ankalowa nyumba yatsopano ku Bolton, ndipo zonse zimayenera kufika tsiku lomwelo, kusanade. Bolton ali kumadzulo. Nyanja ili kum'mawa.

"Bambo a Tadala," anatero, "n'kakang'ono."

Apa ndi pamene mutsutse, a Chirwa, chifukwa za phiri zija mwangogwedeza mutu. Ndinakana. Ndinatuluka m'galimoto, kuima chilili pamaso pa mpingo wonse, kuwayang'ana Mayi Gondwe m'maso, n'kunena kuti ayi, ndipo kwaya imene inkayeserera m'kati inasiya nyimbo pakati pa liwu, nkhunda zinagwa padenga ngati mango, basi imene inkadutsa inazima, abusa anakhala pansi pomwe panalibe mpando, ndipo ku Lilongwe amayi anga, amene anali akusesa pabwalo osadziwa kanthu, tsache linawapulumuka m'manja. Mukumva? Ayi, m'Chichewa, kwa munthu wamkulu, masanasana.

Tinafika kunyanja dzuwa likadalipo. Madzi anali atathawira kutali, moti tinayenda pamchenga wonyowa nthawi yaitali kuwalondola, ine nditanyamula nsapato zake. Anaponda, anakuwa kuti akuzizira, anathawa, anabwerera n'kupondanso. Amake anaima patali atafunda jekete. Tinakhala ola limodzi, tinadya tchipisi m'kalavani mvula ikuwaza padenga, n'kuyamba ulendo wobwerera, mwana ali m'tulo mchenga uli m'makutu.

Ndikuona amake Tadala aima pakhomo la khitchini ndi mbale m'manja, akundiyang'ana. Chabwino. Ndikonze pang'ono, malo amodzi okha.

Kukana kunachitika, zimenezo n'zoona. Kungoti ine pa nthawiyo ndinali nditawerama kale, nditagwira mwendo wa wodulopu, ndikuuza anzanga kuti tiipendeketse kuti ilowe. Tinalephera kulowa chifukwa pakhomo pa kalavani panali munthu. Tadala anali atatsika yekha m'galimoto n'kukakhala pasitepe, kandowa pamiyendo. Sanalire. Anangonena m'Chingerezi, motsitsa mawu, kuti adadi ake analonjeza.

Mayi Gondwe anamuyang'ana mwanayo, anaona kansalu kosambira kakusuzumira pakhosi pa juzi, kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwalonjeza mwana?"

Ndinati eya, amayi.

"Ndiye wodulopu yangayo mukuinyamuliranji? Tsitsani. Bambo wamkulu ngati inu, manyazi mulibe?"

Ndinatsitsa. Zinatero. Koma galimotoyo ndinasankha ndine, a Chirwa, ndipo pamenepo sindikonza kanthu.