Tsiku limene ndinadzola mafuta a kapenta

Nkhani iyi yakhala masabata awiri m'kabuku kanga ka zinsinsi, ndipo ndikuitulutsa nkhope ili pansi.

Aphunzitsi athu a Chingerezi, ba Mulenga, anatiphunzitsa mawu akuti glow. Anati si kuwala kothobwa m'maso ngati dzuwa, koma kuja kwa makala pa mbaula moto ukazilala. Anati nkhope ya munthu wathanzi, wopanda nkhawa, imateronso. Ndinalemba mosamala n'kudula mzere pansi pake.

Nthawiyo amayi anali m'chipatala mwezi wachiwiri. Kunyumba ku Kanyama kuphika, kutunga madzi ndi kuchapa zonse zinali zanga, poti atate amalawirira kukasaka pisiweki, timaganyu ta tsiku limodzi. Ulendo wathawo nditakawaona, amayi anali atandigwira tsaya nati, "Wauma, mwana wanga. Nikakuona so futi, uzayenda ku Petauke kuli ba anti bako." Ine ku Petauke sindinkakufuna. Phala akanawapititsira ndani?

Loweruka, tsiku lokawaona, ndinatsimikiza mtima kuti ndikafike ndikuwala ngati makala aja. Gilisalini anali atatha (ndinagwedeza botolo mpaka dzanja kuwawa). Kenako ndinaona pani yokazingira, mafuta ophikira adzulo, aja timati saladi, ali phee. Ndinadzola pang'ono m'masaya. Pagalasi ndinaoneka bwino ndithu. Ndinawonjezera pamphumi. Ndinawonjezeranso pakhosi. (Zoti dzulo tinakazingiramo kapenta, mphuno yanga inali itazolowera.)

Unali mwezi wa Ogasiti, wamphepo. Pofika pokwerera basi, fumbi lonse la Kanyama linali litasamukira pankhope panga. M'minibasi mayi wina anayamba kununkhiza uku ndi uku.

"Nindani wanyamula kapenta muno? Tipatseniko!" Atandiona anawomba m'manja. "Mayo! Ni iwe? Mwana, wagwela mu pani?"

Basi yonse inafa nako kuseka. Ine maso pa chigubu cha phala, ntchentche ziwiri zikundizungulira mpaka m'tauni. Ndinayesa kupukuta ndi dzanja, ndipo fumbi linasanduka matope.

Nditafika kuchipatala, amayi anandiyang'anitsitsa. Anandikokera pafupi, nandinunkhiza.

"Wazola chani?"

"Saladi, amai."

"Chifukwa?"

"Kuti muone ati nili bwino."

Anaseka mpaka kutsokomola, amayi a bedi loyandikana nawonso. Kenako anatenga nsonga ya chitenje chawo, naviika m'kapu ya madzi, nayamba kundipukuta pang'onopang'ono ngati khanda. Matope atachoka, panatsala masaya anga enieni. Kuseka kunatha. Chala chawo chinaima pa fupa la pansi pa diso.

"Unadya lelo?"

Ndinapukusa mutu. Bodza limodzi patsiku linandikwana.

Anagawa phala lija pawiri, ndipo sanadye mpaka nditamaliza langa. Madzulo ake anaimbira foni ba anti.

Basi ya ku Petauke ndi Lachisanu. Atate ndawaphunzitsa kuphika phala kawiri, koma likutulukabe ndi mibulu. Mayi wako ungamunamize ndi pakamwa, mwina. Ndi nkhope ayi, poti anaidziwa iwe usanaione.