Masiku Atatu Ndikukonza Chokonzakonza

Pali anthu ena ukawaona akugwira ntchito umangogwira pakamwa. Ine ndinagwira panga manyazi atandikwana kale.

Ndinali pa miyezi yoyesedwa pakampani ina ku Mississauga, mzinda wa kunja kuno, yolemba pulogalamu ya pakompyuta yowerengera katundu. Kumanga pulogalamu yonse, kuti zimene talemba zisanduke chinthu choyenda, kunkatenga pafupifupi ola. Wochenjerane (musaseke) ndinatchera chida chomangira kuti chizingomanga mafayilo amene asintha, enawo chizitenga akale. Mphindi ziwiri basi! Ndinkayenda ngati ofesiyo ndi ya bambo anga.

Lolemba abwana anandipatsa vuto: makina ankawerenga bokosi limodzi kawiri. Anati pofika Lachinayi likhale litatha, ndipo ndinadziwa kuti ntchito yanga yagona pamenepo. Ndinakonza mzere umodzi wa pulogalamuyo, kumanga, vuto lili pompo. Lachiwiri ndinasintha mizere yambirimbiri. Lachitatu ndinalembanso fayilo yonse (m'sitima yobwerera kunyumba ku Scarborough ndinkalankhula ndekha, mpaka mayi wina anasintha mpando).

Lachinayi m'mawa ndinagonja. Ndinapita kwa Che Saidi, mkulu wa ku Mangochi amene wakhalitsa pakampanipo.

"Madala, ndithandizeni, ndatha ine."

Sanayang'ane n'komwe zimene ndinalemba. Anangofunsa kuti, "Yonse munaimanga liti komaliza?"

"Mwezi watha."

"Ehe."

Anafufuta zakale zonse, kuyambitsa kumanga yonse, n'kupita kukapanga tiyi. Kumangako kutatha, pulogalamu inakana ngakhale kutseguka. Abale inu! Foda ya mafayilo imene ndinkakonzamo chida chija sichinkaiyang'ana, ndiye masiku onsewo ndinkayesa pulogalamu yakale. Tsopano zokonza zanga zonse zinadzuka limodzi n'kuyamba kumenyana.

Che Saidi anakhala pampando wanga, kapu kumanzere, n'kuyamba kuzichotsa chimodzichimodzi ndi dzanja limodzi. Ine chiimire, kukamwa yasa. Chibadwire sindinaonepo munthu akuwerenga chisokonezo cha mnzake modekha chonchi, osadzuma ngakhale kamodzi. Anasiya mzere umodzi wokha n'kumanganso yonse. Bokosi linawerengedwa kamodzi.

"Mzere uwu ndi wanu, wa Lolemba," anatero. "Munali mutakonza kale, achimwene."

Abwana anabwera masana, anaona, anandigwira chanza, ati kulimbikira kwanga kwa masiku atatu kwawasangalatsa kwambiri. Ndinacheukira kwa Che Saidi. Iwo anangopsontha tiyi wawo, maso pakompyuta.

Ntchito anandilemba, ndipo zoona zake oyamba kuzimva ndinu.