Chitsulo cha ku Al Sadd

Amene akufuna kuseka aseke ndithu, koma akamaliza akwere basi apite ku Al Sadd akafunse za ine NaPhiri wa ku Ntcheu. Inu atsikana mwabwera dzulodzuloli ku Doha kuno, chimene mukudziwa ndi kukhala pagombe la Corniche pano Lachisanu n'kumajambulana. Nthawi ya korona simunaione. Ine ndinaiona, ndipo ndinaivina.

Lamulo litangosintha kuti wantchito atha kusiya bwana popanda kupempha kalata, ndinachoka kwa madamu amene ndinkawachapira, n'kukalowa ntchito yokolopa pa jimu ina ya azimayi. M'chipinda cham'mwamba munali zitsulo zisanu zonyezimira, zoimirira kuchokera pansi mpaka kudenga, ndipo azimayi ankabwera kudzaphunzira kuvinirapo. Mphunzitsi wawo anali Marisol wa ku Philippines. Ine yanga inali kupukuta thukuta lawo pa zitsulozo.

Kenaka matenda anakulanso, jimu n'kutsekedwa. Aliyense anapita kwake. Ine anandisiyira makiyi, ati ndizichotsa fumbi. Miyezi iwiri yathunthu, ine, ndowa ndi magalasi a m'makoma. M'mawa uliwonse ndinkapereka moni kwa NaPhiri wa m'galasi, ndipo pofika sabata yachitatu nayenso anatopa nane, ankangondiyang'ana cham'mbali.

Tsiku lina m'mawa ndinataya chokolopera, n'kugwira chitsulo, n'kukwera. Mukumva? Mayi wa zaka makumi asanu, mawondo olira ngati chitseko chakale, ndinakwera mpaka kudenga, ndinakola chitsulocho ndi chala chachikulu cha kuphazi, mutu pansi, n'kuyamba kuzungulira, ndipo ndinazungulira, ndinazungulira, mpaka mphepo yake inatsegula mawindo onse, inaumitsa zovala zimene anthu anayanika ku Al Doha Al Jadeeda, inakankha mabwato a pagombe apa n'kumayenda okha opanda munthu, a zanyengo n'kulengeza kuti kukubwera chimphepo cha mchenga, osadziwa kuti chimphepocho ndi mayi wa ku Ntcheu. Iwe wavala zofiirawe, tseka pakamwa, sindinathe.

Chitsulocho chinatentha mwakuti ndinawiritsirapo tiyi, ndinamwa ndili chadodolido, tiyiyo n'kumakwera yekha kupita m'mimba. Mawa lake ndinalumpha kuchokera pa chitsulo choyamba kukagwira chachisanu, ndipo ndili m'malere ndinavula masiki n'kuvala ina, ndinadzola sanitaiza, ndinaimbira foni mwana wanga kumudzi, foni inaitana mpaka kuduka osayankhidwa, ndinaibweza m'thumba, ndiye n'kutera. Mulungu ndi mboni, poti mboni ina panalibe. Ndikatsika, m'chipindamo munkangomveka kupuma kwanga. Wondiombera m'manja analibe, ndiye ndinkakweranso.

Atatsegula jimu, Marisol anali woyamba kufika. Ndinamuuza zonsezi, osasiyako n'chimodzi chomwe. Sanaseke ngati inuyo. Anaika chikwama chake pansi.

"Mama," anatero Marisol, "zovutazo aliyense amazithamangira. Ndionetseni chophweka. Gwirani chitsulo ndi dzanja limodzi, muyende mochizungulira pang'onopang'ono, masitepe anayi, mukundiyang'ana ine. Khalas, basi."

"Zomwezo basi?" ndinamufunsa. "Zimenezo ngakhale mwana wongoyamba kuyenda atha."

"Yalla, yambani," iye anatero.

Ndinagwira chitsulo. Sitepe yoyamba inayenda bwinobwino. Yachiwiri, ndinaona maso ake ali pa ine, maso a munthu wamoyo, osati a pa foni. Ukamazungulira mwaliwiro mutu sukhala ndi mpata woganiza, koma ukamayenda pang'onopang'ono zonse zimakupeza. Pa sitepe yachitatu zinandipeza. Achemwali anga, amene anandilera mayi athu atamwalira, anaikidwa m'manda mkati mwa miyezi imeneyo, ine ndikuonera pa foni nditakhala pa ndowa m'chipinda chomwecho, ndege zisakuyenda bwino, ndilibe wondipepesa. Misozi sinatuluke tsiku limenelo. Kukwera chitsulo kuja ndinayamba m'mawa wake.

Dzanja linatsetsereka, ndinakhala pansi, n'kulira maliro onse amene ndinawasunga. Lamulo linali loti tizikhala motalikirana, koma Marisol anabwera, anakhala pambali panga, n'kundigwira paphewa. Chiyambire matendawo, palibe munthu amene anandikhudzapo.

Tsono musandiyang'ane choncho. Zonse ndanenazi sindibweza ngakhale liwu limodzi, ndipo wotsutsa abweretse chitsulo pompano, muone anthu akuthawa mphepo. Koma masitepe anayi aja, ana inu, ndayesa kambirimbiri. Ndimathera pa yachitatu.