Ndinawayendera ababa mafizo

Ndinene msangamsanga ndisanasinthe maganizo: kuchipatala kuli mawu anga ojambulidwa, ndipo ndimamva kuti a mafizo amawaika akatopa ndi ntchito, kuti asekeko.

Ababa ndi telala pano pa Mangochi. Chaka chatha anagwidwa ndi sitiroko, mwendo wamanzere n'kuyamba kukoka. Za makina osokera sanadandaule kwenikweni. Chimene chinkawadya mumtima n'chakuti sankaloledwa kupita okha kumzikiti Lachisanu. Munthu wamkulu kumagwiridwa mkono ndi mwana amene ankamukwapula dzanadzanali!

Adokotala a mafizo, mayi wamfupi wosakonda zocheza, anawamanga kachipangizo konga wotchi pa akakolo, n'kuwapatsa foni yoika m'thumba la malaya. Kachipangizoko kamaona mmene munthu akupondera. Foniyo imafunsa mafunso munthu ali mkati moyenda.

"Pamsewu simuyenda ndi miyendo yokha, bambo," anatero. "Uyu akukupatsani moni, uko njinga ikuliza belu, mutu nawo uli kwina. Mukatha milungu iwiri mukuyenda ndi kuyankha bwino osapunthwa, muzipita nokha."

Woperekeza ndinali ine. Ine wa kabaza wa njinga yamoto, amene ndimakalipira ngakhale nkhuku ikachedwa kuwoloka. Ababa phazi limodzi, kuima, kuyankha foni, phazi lina. Kuchoka pakhonde kukafika pampopi, theka la ola. Ine thupi lonse kuyabwa.

Mlungu wachiwiri utayamba, ababa anavula kachipangizo kaja masana n'kukagona. Ndinakayang'ana. Nako kanandiyang'ana. Ndinati, bwanji ndingowathandiza madala, zinthu zifulumire? (Wallahi, mtima unali wabwino. Mutu ndiye unalibe woulangiza.)

Ndinamanga pamwendo, foni m'thumba, ulendo wa kumsika.

"Tchulani miyezi chobwerera m'mbuyo," inatero foni.

"Disembala, Novembala, Seputembala..."

Inalira kuti ndalakwa. Ndinaonjeza liwiro, ngati kuti Okutobala ndikamupeza kutsogolo.

"Chotsani 7 pa 100, muzingochotsabe."

93 ndinamupeza. Pamenepo mpamene panathera sitandade 6 yanga. Ndikuwerenga zala, maso ali m'manja, ndinalowa mwendo wonse m'beseni la usipa la mayi wina. Zimene mayiyo ananena za mtundu wanga sindingalembe. Zimene ine ndinauza foni ndiye zoposa.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati sindingagonje kwa kafoni. Mawa lake ndinabwereza. Mkuja wakenso. Tsiku lachinayi ndinkachita kuthamanga, thukuta kamukamu, ndikukuwa manambala, anzanga a kabaza pasiteji akundiyankha abodza dala.

Tsiku lokaonedwa, ababa anavala mkanjo woyera, ndevu zopesa. Adokotala anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali, nkhope ikugwa.

"Bambo, miyendo yachita zodabwitsa. Lachinayi masana munathamanga."

Ababa anatukula nsidze.

"Koma mutu ukundidetsa nkhawa. M'mawa mumayankha zonse. Masana palibe n'chimodzi chomwe. Za kumzikiti tiiwale kaye, ndikutumizani ku Blantyre akakujambuleni m'mutu."

"Ine?" anatero ababa. "Ine amene ndimasunga m'mutu miyezo ya anthu a tauni yonseyi, osalemba?"

Ine maso anali pachitseko.

"Tiyeni timve mmene munkayankhira," anatero adokotala, n'kudina. (Palibe anandiuza kuti foniyo imasunganso mawu. Kapena anandiuza, ine ndili kale panja ndikuliza njinga.)

Chipinda chonse chinamva: "Iwe kafoni iwe, seveni wakoyo ukafunse amene anakupanga! Ndikuponya mumtsinje, wamva?" Kenaka beseni kugubuduka, ndi mayi uja akuitana makolo anga mmodzimmodzi.

Gogo wina amene ankaphunzira kukweza mkono pakona anaseka mpaka mkonowo unakwera.

Ababa sanaseke. Anangoti, "Astaghfirullah. Adokotala, mawuwo ndi a mwana wanga. Masamuwonso ndi ake."

Ku Blantyre sanapite. Koma milungu iwiri ija inayambiranso pachiyambi, ndipo Lachisanu lina ndi linzake ndinawagwirabe mkono, iwo osandilankhula njira yonse. Bola akanandikwapula.

Lachisanu lachitatu, adokotala atavomera, anatuluka okha, ndodo m'manja, atandilamula kuti ndinyamuke iwo atafika. Ndinakhala pakhonde. Ndinaimirira. Ndinakhalanso. Kenaka ndinakwera njinga, kuzungulira njira ya kuseri, n'kukabisala paokala ya pafupi ndi pamene amawolokera msewu.

Anafika, anayang'ana uku ndi uku, anayankha salamu ya munthu wina ali mkati mowoloka, phazi osaphonya. Podutsa paokalapo sanatembenuke n'komwe.

"Ndakuona," anatero. "Zimitsa injiniyo, ukusokoneza anthu."