Petulo wa pulimiyamu ndi maliro a mlamu wanga

Pali nkhani zina zimene ukazikumbukira uli m'tchalitchi, nyimbo imakuthawa pakamwa. Yanga ndi iyi, ndipo ndikuilemba chifukwa kuinena pakamwa ndalephera kawiri konse.

Ine ndine mphunzitsi wa masamu. Ndinabwera kuno ku Lundazi kuchokera ku Chipata, ndinakwatira mwana wa ku Magodi, ndipo nditapalasa njinga zaka zambiri ndinagula galimoto. Inali yogwirapo kale ntchito, yaitali kumbuyo, koma inali ndi tabo, kachipangizo kopopera mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu. Amene anandigulitsa anandilozera kapepala komata pachivundikiro cha thanki.

"Aticha, iyi siimwa vilivonse," anatero. "Ifuna pulimiyamu, petulo wapamwamba. Mukaipasa petulo wamba, tabo izafa."

Mawu amenewo ndinawasunga kuposa malamulo khumi. Vuto linali lakuti pamalo omwetsera mafuta paboma petulo ndi wa mtundu umodzi basi. Palibe wa olemera, palibe wa osauka. Choncho ndinkagula ku Chipata timabotolo ta mankhwala othira m'thanki, amene amati amasandutsa petulo wamba kukhala pulimiyamu. Popanda kabotolo sindinkamwetsa. Ndinkathira pang'onopang'ono, anthu akuona (akakhala kuti sakuona, ndinkayamba ndapukuta galasi mpaka wina acheuke). Kusukulu ngakhale olondera ankadziwa kuti galimoto ya aphunzitsi a masamu siimwa zilizonse.

Ndiye mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mlamu wanga anamwalira m'chipatala cha paboma. Anali mchimwene wa mkazi wanga, mlimi wa fodya, munthu wosayankhulayankhula. Anasiya mkazi, NyaZimba, ndi ana atatu. NyaZimba ndiye anamudwazika masabata asanu, akugona pansi pambali pa bedi, pamene ena akuchimuna ankanong'ona kuti matendawo si a chipatala, ndipo mkaziyo akudziwapo kanthu. Zinkanenedwa chapansipansi, palibe ankayerekeza kuzitulutsa poyera.

Abale atayamba kufunsana za galimoto yonyamula thupi, ndinaimirira ndekha. Palibe anandipempha. Mkamwini wa galimoto ya tabo akanakhala chete bwanji?

M'mawa wa tsiku loika, ndinayang'ana muvi wa mafuta: unali pansi pang'ono pa kota. Ndinatsegula kabokosi kosungamo timabotolo tanga, ndinapeza tonse tatha. Ndinakhala pansi n'kuwerengera mtunda, monga mphunzitsi wa masamu, ndipo yankho linatuluka lakuti tikafika. Zobwerera ndidzaona mawa. Mkazi wanga, maso ali otupa, anandifunsa pakhomo:

"Mwathila mafuta?"

"Yalimo," ndinayankha.

Kumochale tinapinda mpando umodzi wakumbuyo, bokosi linalowa bwino. Kutsogolo kunakhala a Nyirenda, bambo aang'ono a malemu, amene anali mwini maliro. Pampando wotsala kumbuyo panakhala NyaZimba, dzanja lake lili pabokosi. M'mbuyo mwathu munali lole ya amayi a kutchalitchi ndi abale ena, mkazi wanga ali momwemo. Malo omwetsera mafuta ndinawadutsa ndikuyang'ana kumbali.

Chimene masamu anga sanaone n'chakuti maliro sathamanga. Tinkayenda m'magiya aang'ono, mumchenga, katundu ali wolemera. Titangosiya msewu waukulu, kanyali kachikasu ka mafuta kanayaka. Ndinatulutsa mpango wopukutira thukuta n'kuuphimba pamenepo (ngati kuti galimoto ikapanda kuonedwa iiwala kuti ili ndi njala).

Titawoloka kamtsinje kouma, pachitunda, galimoto inatsokomola katatu n'kuzima. Lole inaima. Nyimbo inapitirira mzere umodzi, kenako nayo inafa.

A Nyirenda anavula chipewa pang'onopang'ono. Anayang'ana bokosi, n'kunena m'Chitumbuka liwu limodzi lokha:

"Wakukana."

Kwa amene simudziwa: kuno galimoto yonyamula maliro ikaima popanda chifukwa, amati malemu akukana kupita. Ndiye kuti ali ndi chakukhosi ndi munthu wina amene ali naye paulendowo.

Apa m'pamene ndinayenera kuyankhula. Mawu oti ndinene anali awiri okha: mafuta atha. Koma ndinaona amayi aja akutsika mu lole, ndinaona aphunzitsi anzanga awiri amene anabwera kudzandipepesa, ndinakumbukira timabotolo tanga, ndipo m'malo moyankhula ndinatsegula boneti. Ndinagwiragwira mawaya amene sindidziwa ngakhale maina ake.

"Nchivichi, aticha?" anafunsa a Nyirenda, kufuna kudziwa chimene chavuta.

"Sinimvesa, adada," ndinatero. "Motoka iyi siinavutepo olo kamozi."

Ndi mawu amenewo ndinakhomera msomali ndekha. A Nyirenda anazungulira kumbuyo, anagogoda bokosi mofatsa, n'kuyankhula ndi malemu monga munthu ayankhula ndi mwana wonyanyala: kuti manda akonzeka, kuti anthu akudikira, kuti ngati pali nkhani aisiye kwa amoyo. Ndinaliza kiyi. Galimoto inangolira osadzuka. Pamenepo mkuluyo anatembenukira kwa NyaZimba.

"Amama, selukani poyamba. Tione."

Mayiyo sanafunse chifukwa. Anachotsa dzanja pabokosi la mwamuna wake, anatsika, n'kukaima pamchenga wotentha, mpango wakuda uli kumutu.

Amuna anakankha galimoto mpaka pamwamba pa chitunda, pamalo afulati. Ndikuganiza kuti timafuta totsala pansi pa thanki tinasendera pamalo pake, chifukwa nditaliza kiyi injini inadzuka ngati palibe chachitika. Ndinamva amayi kumbuyo akuti, "Mwaona! Mwaona!"

"Tiyeni," anatero a Nyirenda.

Ndipo ndinayendetsa. Inde, owerenga, ndinayendetsa. Pagalasi ndinaona NyaZimba akuyenda yekha m'fumbi, lole ikumudutsa, popanda dzanja lomukweza. Ndinaona mkazi wanga akudumpha mu lolemo n'kubwerera kukayenda naye. Mumtima ndinkapempha Mulungu chinthu chimodzi chochititsa manyazi: kuti timafutato tifike kumudzi, nkhani ithere pomwepo.

Mulungu sanamve pemphero limenelo, ndipo ndimamuthokoza. Tinayenda mtunda wonga mabwalo awiri a mpira, galimoto inazimanso.

Tsopano a Nyirenda anati malemu akufuna nkhaniyo ikambidwe pompo, asanalowe m'mudzi. Anthu anadikira NyaZimba afike, n'kumuzungulira pansi pa mtengo wopanda masamba. Azakhali a malemu anatulutsa zonse zija za chapansipansi.

"Kamba, iwe. Unamudyesa chani mwana wathu?"

NyaZimba anagwada. Sanalire. Mawu ake anatuluka otsika, koma aliyense anamva:

"Masabata faivi nagona pansi. Namusambika neka. Ngati ndine, nenani ndimwe."

Ndikanakonda kulemba kuti chikumbumtima chinandidzutsa. Ayi. Ndinali chikhalire pachiwongolero pamene mkazi wanga anafika pawindo, fumbi lili mpaka m'mawondo. Analowetsa dzanja, anachotsa mpango uja, anayang'ana kanyali, kenako anayang'ana ine.

"Muzakamba imwe," ananong'ona, "kapena nikambe ine?"

Ndinatsika. Ndinayenda mpaka pakati pa anthu, n'kugwada pafupi ndi a Nyirenda monga agwadira mkamwini.

"Adada, pepani. Malemu sakukana. Mafuta yasila."

Kutali ng'ombe inalira.

"Yasila liti?" anafunsa a Nyirenda.

"Paja pa kamsinje."

"Ndipo munaziba?"

"Ninaziba."

Palibe anandinyoza, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka koposa. Bambo wina wa njinga yamoto, amene anaima kuti apereke ulemu kwa maliro, anathamangira kumagolosale a pafupi kumene amagulitsa petulo wa m'mabotolo a mafuta ophikira. Anabwera nawo anayi. Atatsegula chivundikiro cha thanki, pakamwa pangapa (sindidziwa kuti ndi chiwanda chanji) panatuluka mawu akuti:

"Koma iyi ifuna pulimiya..."

"Aticha," anandidula a Nyirenda, osakweza mawu, "mwana wanga ali pa zuba. Thilani."

Anathira. Galimoto inadzuka, inakwera zitunda zonse zotsala osatsokomola ngakhale kamodzi. NyaZimba anakwera lole. Kumanda tinapeza adzukulu atakhala pamulu wa dothi kuyambira m'mawa, ndipo tinaika mlamu wanga dzuwa litapendeka kale.

Patapita masabata ndinafunsa makaniko wina ku Chipata, mkulu wa imvi, ngati petulo wa m'mabotolo uja sanaononge tabo. Anati zilipodi injini zina zimene zimafuna petulo wapamwamba ndipo buku lake limanena mosabisa. Koma zambiri, ngati yangayi, zimangomukonda chabe. Zikalandira wamba zimadzisintha zokha, mphamvu imachepa pang'ono poti munthu woyenda m'misewu yathu sangazindikire n'komwe. Choopsa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, anati, ndi madzi ndi zinyalala, osati dzina la petuloyo.

"Nanga mumaganiza kuti matabo yonse ya mu Lundazi yamwela kuti?" anafunsa. "Buku munabelenga?"

Bukulo linali pansi pa mpando, likadali m'pulasitiki yake.

Kumudzi ndinapita kukapepesa ndi nkhuku. A Nyirenda analandira, anati nkhani yatha. Koma mawu akatuluka sabwerera m'kamwa. Mpaka lero alipo amene amati: chabwino, mafuta anatha, nanga bwanji inadzuka mkaziyo atangotsika? Funso limenelo ndayesa kuliyankha ndi sayansi, ndajambula thanki pansi ndi kamtengo, koma palibe amakhulupirira munthu amene ananama kale pamaso pa bokosi. NyaZimba ankati akapita kuchitsime, amayi anzake amasiya nkhani pakati.

Atakolola, anaganiza zobwerera kwawo ku Mwase. Nditamva, ndinadzaza thanki mpaka pakamwa, petulo wamba, popanda kabotolo, n'kupita m'mawa kukamunyamula. Ndinamupeza atamanga katundu wake m'zitenje ziwiri, akudikira ngolo ya mlongo wake yomutulutsira kumsewu. Ndinamupatsa moni, ndinatsegula chitseko chakutsogolo, n'kunena kuti ndimuperekeza mpaka pakhomo pa mayi ake. Ndinawonjezera kuti mafuta alimo ambiri.

Anayang'ana galimotoyo, anayang'ana mpando wakumbuyo uja. Sanakwiye, ndipo anayankha mwaulemu wonse.

"Yewo, alamu. Koma motoka yanu ninaselukamo kale."

Ndinatseka chitseko. Ndinamuthandiza kukweza zitenje zake pangolo, ndipo ndinaima pamenepo mpaka ng'ombe zinakhota.